Honda ya agogo: tisaidule, tisaigonekenso

Agogo athu aamuna atamwalila ku Katete caka catha, ng'ombe, ngolo na malata zinapeza eni ake tsiku limodzi. Cimene cinatsala pakona ya cipinda, cofundikidwa na masaka a feteleza, ni Honda CG125 yofiila. Anaigula mu 1983, anaiyendetsa zaka zitatu cabe, ndiye mwendo unayamba kuwavuta. Kucokela pamenepo anali kungoipukuta. Titacotsa masaka, mita inali kuonetsa makilomita 9,412. Kucoka ku Katete kufika ku Lusaka ni makilomita pafupifupi 500, conco njingayi m'moyo wake wonse siinakwanitse ngakhale maulendo khumi opita na kubwela.

Manje ili pa yadi ku Kalingalinga, ndipo aliyense wobwela ali na nzelu yake. Ena akuti tiidule kumbuyo, tiipake penti yakuda, tiike ekizozi yaphokoso kuti ioneke monga zija za pa TikTok. Ena akuti tiimangilile bokosi iyambe kupeleka cakudya m'tauni. Amalume akuti tiigulitse tigawane ndalama. Ife adzukulu maganizo athu ni awa: njinga yotele isiyidwe mmene inacokela ku fakitale, koma izilila na kuyenda.

Honda inatulutsa CG125 mu 1975, ndipo inaipangila maiko monga lathu, kumene msewu ni fumbi, katundu ni wolema, ndipo oilo amacedwa kusinthidwa. Ndiye cifukwa cake injini yake ni yosavuta kukonza komanso yopilila. Kupilila komweko n'kumene kunazitsiliza. Zinzake zinanyamula cimanga, odwala na nkhumba mpaka kutha, zinaocheledwa kangapo, zina zinasanduka zitsulo za pa sikelo. Kupeza ya m'ma 1980 imene ikali na penti yake, zilembo zake pa thanki na mpando wosang'ambika n'kovuta. Wowochelela wa m'mbali mwa Alick Nkhata Road angadule fulemu na gilainda m'mphindi khumi, koma palibe amene angaibweze mmene inalili. Fashoni ya njinga zodula idzapita monga mmene anapitila mafashoni ena, ife n'kutsala na citsulo copanda mbili. Ngakhale pa nkhani ya mtengo, okonda njinga zakale amafuna yosakhudzidwa kuposa yopakidwa penti yatsopano.

Tisanamizane, nkhani ya ndalama ni yeniyeni. Nchito zikusowa, lendi siyembekeza, ndipo njinga yongokhala imaoneka monga kunyada. Koma tiyeni tiwelengele. Wopeleka katundu woyenda makilomita 80 patsiku angatsilize m'miyezi inayi mtunda wonse umene agogo anayenda. Mabuleki ake ni akale aja a dilamu, magetsi ni a 6 volts, nyali yake usiku ni yofooka. Kuiponya pakati pa mabasi a mu Lumumba Road tsiku lililonse ni kuika pangozi njinga na woyendetsa yemwe. Nchito imeneyo ni ya Boxer kapena TVS, zimene masipeya ake ali paliponse. Ngati banja lapanikizikadi, mwina na ndalama za sukulu kapena za kucipatala, kugulitsa si manyazi. Igulitsidwe yathunthu, onse atagwilizana, kwa munthu wodziwa cimene akugula. Cimene tikukana ni kuiwononga coyamba, kenako n'kuigulitsa mochipa.

Palinso msampha wina, wa ife amene timaikonda. Tikaona makilomita ocepa timaganiza kuti njinga ni yatsopano. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Njinga imakalamba ngakhale itangoima. Petulo akakhala miyezi yambili amauma n'kusiya utomoni umene umatseka tumabowo twa m'kabuleta. Thanki yosadzala imacita thukuta mkati n'kugwila dzimbili. Labala aliyense amauma: mapaipi a petulo, masilu a mafoloko, machubu na matayala. Tayala ingaoneke ya mano onse koma ili yolimba monga thabwa. Yang'anani manambala anayi otsiliza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwake: awili oyamba ni wiki, awili otsiliza ni caka. Mukapeza manambala atatu cabe, tayalayo inapangidwa 2000 isanafike, ndipo siyenela kupondanso msewu.

Ndiye tsiku loyamba musathamangile kuponda kiki kuti anzanu amve. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khuthulani petulo wakale, tsukani thanki na kabuleta, sinthani oilo. Cotsani pulagi, dontezani oilo pang'ono m'bowo lake, musiye agone, kenako muzungulutse injini pang'onopang'ono pulagi ikali kunja. Tsegulani mabuleki muone ngati nsapato zake sizinamatuke. Zonsezi zikatheka, m'pamene mungailize.

Lamulo limene tagwilizana pa yadi pathu ni lalifupi. Cimene cimatha na nchito kapena cimene cingaphe munthu, cisinthidwe: matayala, mabuleki, makebo, cheni, batile. Ciliconse cocotsedwa cisungidwe m'katoni, colembedwa dzina na tsiku. Cimene sicingabwezedwe, cisacitike: kudula, kuboola, kupala penti, kupeleka mpando kuti ausoke na cikumba cina. Penti imafuna sopo, madzi na polishi. Dzimbili locepa pa zitsulo zonyezimila limacoka na kapepala ka aluminiyamu konyowetsa. Pamene thanki inapelepeseka na maondo a agogo tapasiya dala, cifukwa pamenepo ndiye pali umboni wakuti anali kukwelapo.

Masipeya si ovuta kwambili, popeza makampani ambili a ku China anakopela injini ya CG, ndipo zina mwa zinthu zawo zimakwana. Koma samalani na mau akuti "ici catha, tiikepo catsopano." Kabuleta ya Keihin imene inabwela na njinga nthawi zambili imangofunika kutsuka. Makaniko akamagwila nchito, khalani pomwepo, ndipo zakale zonse mubwelele nazo kunyumba.

Mapepala nawo ni mbali ya njinga. Funani white book, muone ngati nambala ya injini na ya fulemu zikugwilizana na zolembedwamo. Kumbukilaninso kuti ngati womwalila sanasiye wilu, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limapatsa ana 50 pelesenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo amene anali kusungidwa 10. Kukhala mdzukulu wokonda njinga sikukupanga kukhala mwini wake. Ife tinakhala pansi na agogo aakazi, amalume na azakhali, ndipo amene anasankhidwa ku khoti kuti ayang'anile cuma ca masiye analemba kalata yakuti njinga yapatsidwa kwa ndani. Na kalatayo m'pamene tingapite ku RTSA kukasintha dzina. Popanda zimenezi, tsiku lina msuweni adzabwela na wogula, ndipo mkangano wake udzaposa mtengo wa njinga.

Cotsiliza, iyendetseni. Kuiliza mphindi ziwili pa yadi sikuthandiza, cifukwa injini siitentha mokwanila kuti cinyezi ca mu oilo na mu ekizozi ciume. Imafuna ulendo wa theka la ola kawili kapena katatu pamwezi, pa Sondo m'mawa msewu ukali phee, muli na cisoti kumutu, laisensi m'thumba, msonkho wa msewu na inshuwalansi zolipilidwa. Mita ikwele pang'onopang'ono, palibe mlandu.

Yathu inalila pa kiki yacisanu na citatu, patapita milungu itatu ya kutsuka na kudikila masipeya. Tinatumila foni agogo aakazi ku Katete kuti amve. Anakhala cete pang'ono, kenako anafunsa ngati taikapo kale magalasi onse awili, cifukwa mwini wake sanali kucoka pakhomo na galasi limodzi. Lina tinalipeza m'thumba la zida, pansi pa mpando, lokulungidwa m'kansalu. Talimangilila pamalo pake.