Kakalavani Kopanga Nokha: Yambani Mwaganizira za Mpweya

Mwezi uno tichokeko kukhitchini ndi kudimba, tikacheze kwa amisiri. Nkhani yathu ndi ya kakalavani kakang'ono kogonamo paulendo, kokokedwa ndi galimoto, kamene pa Chingerezi amakatcha teardrop. Dzinali linabwera chifukwa mukakayang'ana cham'mbali kamaoneka ngati dontho la msozi: kutsogolo n'kotukuka, kumbuyo kumanka kutsetsereka. Zithunzi zake zafala pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo bambo amene ali ndi galimoto komanso luso la manja akaziona sachedwa kunena kuti, "Aka ndiye ndingapange ndekha." N'zoona, angathe. Koma asanagule thabwa loyamba adziwe kuti akumanga chipinda chimene anthu adzagonamo atatseka chitseko, ndipo munthu akagona sasiya kupuma.

Kanachokera kuti?

Kwawo kwa timakalavani timeneti ndi ku America. Tinayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1930, pamene magazini a ntchito zamanja ankasindikiza mapulani oti munthu atsatire ali pakhomo pake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, tinafala kwambiri, ndipo ambiri ankatikuta ndi malata a aluminiyamu otsala ku ntchito yopanga ndege zankhondo. Mu 1947 magazini ya Mechanix Illustrated inatulutsa pulani ya kakalavani ka anthu awiri imene okonda ntchitoyi amaitchulabe mpaka lero. Pambuyo pake anthu anayamba kukonda makalavani akuluakulu, koma timakalavaniti tinabwereranso chifukwa n'topepuka ndipo galimoto yaing'ono imatha kutikoka.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Pansi pali felemu yachitsulo, ekiselo imodzi ndi matayala awiri. Pamwamba pali bokosi lamatabwa lokhala ndi matiresi basi. Simungaimirire m'katimo, mumangokhala tsonga kapena kugona. Kumbuyo kuli chivindikiro chachikulu chotukula m'mwamba, ndipo pansi pake pali timashelefu ta mapoto ndi mbale. Wophika amaima panja, chivindikirocho n'kukhala mthunzi wake.

Muyeso wa timakalavani takale unkatengera thabwa la plywood, limene ndi mamita 1.22 m'lifupi ndi mamita 2.44 m'litali. Apa pali msampha. Matiresi a dabulo ndi pafupifupi mamita 1.37 m'lifupi, choncho sangalowe. Amene amalowa ndi a three-quarter, a mamita 1.07. N'chifukwa chake omanga ambiri masiku ano amakuza bokosi kufika mamita 1.5. Nzeru ndi yakuti musankhe matiresi choyamba, mujambule muyeso wa bokosi pansi ndi choko, mugonemo awiri, muone ngati mungatembenuke. Kufufuta choko n'kosavuta kusiyana ndi kudulanso chitsulo.

Tiwerengere mpweya

Tiyerekeze kuti malo ogona ndi mamita 1.2 m'lifupi, 1.9 m'litali ndi 1.1 kupita m'mwamba. Chipinda wamba cha mamita 3 mbali zonse ziwiri ndi mamita 2.5 kufika kudenga chimasunga mpweya wochuluka pafupifupi ka 9 kuposa kabokosi kameneka. Kuwonjezera apo, nyumba zathu zili ndi mipata pansi pa zitseko ndi m'mphepete mwa denga. Kakalavani kopangidwa bwino kamamatidwa paliponse kuti mvula ndi fumbi zisalowe, ndiye kuti mpweyanso ulibe polowera pokhapokha mutaukonzera njira.

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Kupuma kulikonse kumatenga oxygen ndi kutulutsa carbon dioxide pamodzi ndi nthunzi. Anthu awiri akagona usiku wonse m'bokosi lotsekeratu amadzuka mutu ukulemera, thupi lili lefu, makoma ali chonyowa ngati munagwa mame.

Mankhwala ake ndi zibowo ziwiri zosiyana msinkhu. Mpweya wotentha umakwera, choncho chotulutsira chikhale padenga, chokhala ndi chipewa choletsa mvula. Cholowetsera chikhale cham'munsi m'khoma. Chimodzi mwa zibowozi chikhale choti munthu sangachitsekeretu, pakuti kukazizira usiku dzanja limathamangira kutseka chilichonse. Ikani zenera mbali zonse ziwiri kuti mphepo izidutsa. Kafani kakang'ono ka mavoti 12, ngati kaja ka m'kompyuta, kakaikidwa pa chotulutsira kamathandiza kwambiri ndipo sikadya batire. Chibowo chilichonse ndi zenera lililonse zikhale ndi waya wa gozi. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, ndipo munthu akasautsidwa nawo amatseka mazenera n'kudzimana mpweya.

Mbaula isalowe, ngakhale kwa mphindi zisanu

Apa ndi pamene pagona moyo. Makala, parafini, gasi ndi petulo zikamayaka pamalo osowa mpweya zimatulutsa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu koposa ka 200 kuyerekeza ndi oxygen, motero magazi amayendabe m'thupi koma osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Makala ofiira opanda utsi, aja timati apsa bwino, amautulutsabe. Munthu amene ali m'tulo sadzidzimuka, amangopitirira.

Zizindikiro zake zimanamiza chifukwa zimafanana ndi malungo: mutu, chizungulire, mseru, kusanza, kufooka, kusokonezeka maganizo. Kusiyana kwake n'kwakuti kawirikawiri thupi silitentha, onse amene anagona pamodzi amadwala nthawi imodzi, ndipo akatuluka panja amayamba kupezako bwino. Makanda, amayi oyembekezera ndi odwala mtima ndiwo amavulala msanga. Mukakayikira, tulutsani aliyense panja nthawi yomweyo ndi kuthamangira naye kuchipatala, ngakhale akunena kuti wachira. Mkaka suchotsa mpweya umenewu m'magazi, ndipo munthu wokomoka samwetsedwa kanthu. Kuchipatala amam'patsa oxygen.

Choncho lamulo la m'kakalavani likhale lodziwika kwa aliyense, ndi ana omwe: m'chipinda chogona simulowa mbaula, kandulo, koloboyi, sitovu, ngakhale koyilo ya udzudzu. Kutsegula zenera sikuchotsa ngoziyi m'malo aang'ono chonchi. Kukazizira, onjezani bulangete, valani masokosi ndi chipewa, ikani botolo la madzi ofunda kumiyendo. Jenereta ikhale kutali mamita osachepera 6, ndipo injini ya galimoto isamalire pafupi pamene anthu agona. Ngati mungapeze kaalamu ka batire kochenjeza za carbon monoxide, gulani musanagule zokongoletsa zilizonse.

Khoma lolekanitsa khitchini ndi pogona limatidwe bwino, lisakhale ndi mpata. Silinda ya gasi ikhale panja, yomangiriridwa choimirira. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero akadontha amakakhazikika pansi, pomwe pali mphuno za ogona. Batire ya asidi imatulutsa mpweya woyaka ikamatchajidwa, choncho nayonso ikhale m'bokosi lake lapanja lokhala ndi zibowo, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batireyo. Zitseko zikhale ziwiri, china uku china uku, zotseguka mosavuta kuchokera m'kati. Moto ukabuka mbali imodzi, mutulukire inayo.

Masana mdani ndi dzuwa. Bokosi lokutidwa ndi malata likaima padzuwa la mwezi wa October limatentha ngati uvuni. Pakati pa khoma lakunja ndi lam'kati ikani thovu louma loyera, lija limabwera m'makatoni a firiji ndi wailesi yakanema. Limachepetsa kutentha ndi kuzizira komwe. Penti yakunja ikhale yoyera. Mwana asasiyidwe yekha m'katimo, ngakhale akugona.

Madzi ndi chuku

Timakalavani tambiri topanga pakhomo timatha ndi madzi. Plywood amamwa madzi kudzera m'mphepete modulidwa, kenako amafufuma n'kuyamba kusendeka. Gulani plywood wopirira madzi, ndipo chipboard kapena MDF musayese n'komwe. Mphepete iliyonse ndi chibowo chilichonse cha bawuti zipakidwe penti kapena vanishi kangapo musanalumikize. Kunsi kwa thabwa lapansi pakani phula.

Makoma awiri am'mbali muwadule limodzi, mutawapanikiza pamodzi, kuti afanane ndendende. Pakati pawo pamayala timitanda, ndipo pamwamba pake pamapindidwa plywood wopyapyala wa mamilimita 3, amene amalola kutsata msana wokhota uja. Kunja ena amakuta ndi aluminiyamu. Ena amamata nsalu ya kanivasi ndi guluu wa matabwa wosalowa madzi, kenako n'kupaka penti yakunja kambirimbiri. Njira yachiwiriyi ndi yotsika mtengo ndipo imagwira ntchito ikachitidwa modekha.

Malo amene amakonda kudontha ndi pa mahinjesi a chivindikiro chakumbuyo, m'mphepete mwa zitseko ndi pozungulira chotulutsira mpweya. Ikani labala ndi mankhwala omatira. Chinyezi chikabisala pansi pa matiresi pamamera chuku, ndipo chuku chimautsa chifuwa cha mphumu ndi chimfine chosatha. Yalani timatabwa totalikirana pansi pa matiresi kuti mpweya uzidutsa, ndipo mukabwerako ku ulendo muwayanike padzuwa.

Kulemera ndi msewu

Walira mvula walira matope. Wofuna kukoka ngolo wavomeranso udindo wa anthu onse amene akuyenda pambuyo pake. Felemu ipangidwe ndi wowotcherera wodziwa ntchito, amene munaonapo ngolo zake zikuyenda. Bokosi limangidwe kufelemu ndi mabawuti odutsa, osati misomali.

Ekiselo ikhale cham'mbuyo pang'ono kuchokera pakati pa bokosi. Cholinga n'chakuti mutu wa ngolo uzitsamira pa chokokera cha galimoto ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse. Kakalavani kakalemera makilogalamu 500, mutuwo ulemere cha m'ma 50. Mungayeze ndi sikelo yoyezera anthu. Kumbuyo kukalemera kwambiri, ngolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku pa liwiro, ndipo imatha kugubuduza galimoto. Popeza khitchini ili kumbuyo, samalani ndi zimene mukulongedzamo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye kuti chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Chiikeni pamwamba pa ekiselo kapena m'galimoto. Ngolo ikayamba kugwedezeka, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, musaponde mabuleki mwadzidzidzi.

Ku South Africa ndi ku Britain ngolo yopitirira makilogalamu 750 iyenera kukhala ndi mabuleki akeake, ndipo buku la galimoto yanu lingatchule malire otsikirapo. Safunsa anadya phula: musanadule chitsulo, pitani ku ofesi yoona za pamsewu m'dziko limene mukukhala mukafunse za kalembera, nambala, magetsi akumbuyo, zonyezimira ndi laisensi yoyenera. Pakhale tcheni cholumikiza ngolo ndi galimoto kuti chokokera chikaphonyeka ngolo isathawe. Munthu asakwere m'kakalavani pamene kakuyenda.

Mmisiri naye adzisamale. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza maso, ngakhale a mwana amene akungoonerera. Utsi wa chitsulo cha galvanised umadwalitsa, fumbi la matabwa limalowa m'mapapo, ndipo guluu ndi penti zimafuna malo a mphepo. Magalasi oteteza maso ndi chophimba mphuno zilowe pa mndandanda wa zogula.

Ulendo woyamba ukhale wa pakhomo

Ntchito ikatha, mtima umafuna kunyamuka m'mawa mwake, kaya kunyanja, kumudzi kapena ku msonkhano wa misasa. Dikirani kaye. Mmodzi alowe m'kati ndi tochi, wina athire madzi padenga ndi m'zitseko, muone podontha. Kenako akuluakulu awiri agonemo usiku umodzi pabwalo la nyumba. Mukadzuka mutu ukuwawa kapena makoma atanyowa, zibowo za mpweya zachepa, zikuzeni musanagonekemo mwana. Tsiku lina longedzani katundu yense, yendani makilomita ochepa pang'onopang'ono, imani, gwirani pakati pa mawilo. Pakatentha moti dzanja silingapirire, mabering'i akufuna girizi kapena amangidwa kwambiri. Limbitsaninso manati a mawilo.

Zonsezi zikatheka, sankhani makatani ndi mtundu wa penti mmene mtima wanu ukufunira. Yendani bwino, mukagone mazenera ali otsegula, ndipo tikumanenso mwezi wamawa.