MAKOMPYUTA A M'SUKULU SANAFE, OSAWATAYA

Achinyamata anzanga, werengani mpaka pansi kenako mutumize m'magulu anu.

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Windows 11 nayo imakana kulowa m'makompyuta ambiri akale chifukwa imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopano. Ndiye taganizirani makompyuta a m'sekondale zathu, omwe ambiri ndi a kaunjika kapena opatsidwa. Posachedwa wina atulukira atamanga tayi n'kunena kuti onsewo ndi zinyalala, tigule atsopano. Ikubwera tenda, akutuluka madola. Madola ake ati? Omwe akusowa ogulira mafuta ndi mankhwala aja? Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse cholipira m'madola chimatiluma koposa kale.

Njira ina ilipo: Linux. Ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, koma yaulere, ndipo aliyense amaloledwa kuikopera, kuisintha ndi kugawira anzake. Mitundu yake yopepuka ngati Lubuntu imayenda bwinobwino pa kompyuta yomwe Windows 11 yaikana.

Si maloto ayi. Ku Kerala, m'dziko la India, sukulu za boma zimaphunzitsira pa Linux. Mu 2019 bungwe lawo la KITE linati kuika Linux pa makompyuta oposa 200,000 kupulumutsa ndalama pafupifupi 30 biliyoni za ma rupee. Chinsinsi chawo? Anaphunzitsa aphunzitsi ndipo anakonza mtundu wawowawo wa Linux wogwirizana ndi silabasi yawo.

Ena akuti, "Koma ku ntchito amafuna Word ndi Excel." Zoona. Komatu LibreOffice, yomwenso ndi yaulere, imatsegula mafayilo omwewo, ndipo mwana wodziwa kuwerengetsa pa Calc sangasochere pa Excel. Amene amasochera ndi mwana amene wamaliza Fomu 4 atangoona kompyuta yojambulidwa pa bolodi.

Choncho ku Unduna wa Zamaphunziro tikuti:

1. Werengani makompyuta onse omwe ali m'sukulu za boma, mutiuze poyera angati akuyaka.
2. Pasatuluke tenda ya makompyuta atsopano kapena malayisensi musanayese Linux pa omwe alipo.
3. Mayeso a Computer Studies ku MANEB aziyesa luso la mwana, osati dzina la kampani.
4. Ntchito yoika Linux, kukonza makinawo ndi kuphunzitsa aphunzitsi mupatse achinyamata akonkuno. Tili pakhomo ndi madigiri athu, ena a ICT enieni, tikungotuma makalata osayankhidwa. Ndalama ya layisensi imapita kunja osabwerera. Malipiro a mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amazungulira momwemuno.

Inuyo amene muli ndi m'bale ku sekondale, mufunseni lero: labu ili ndi makompyuta angati, akuyaka angati? Yankho ndi dzina la sukulu mutumize kwa ma admin. Tikamapita kukakumana ndi akuluakulu tipite ndi manambala m'manja, asadzatiuze kuti tikungolongolola.