Galimoto Ikayamba Kumwa Madzi

Mwezi wa Okutobala chaka chatha tinkachokera ku Chikwawa pa Toyota Corolla yakale ya mnzathu wina. Amene mudayendapo msewu umenewu mukudziwa kuti mukawoloka Shire n'kudutsa pa Thabwa, pamayamba chikweza chokhotakhota cholowera ku Blantyre. Tili pakati pa phiri, muvi wosonyeza kutentha kwa injini udafika pofiira, nthunzi n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Titangoima, mnyamata amene tinali naye adathamanga ndi kansanza kukatsegula chivindikiro cha rediyeta. Tisanamuletse, madzi owira adathovoka n'kumuwotcha mkono mpaka m'chigongono.

Pambuyo pake mwini galimoto adaulula kuti kwa miyezi iwiri ankathira botolo la madzi m'mawa uliwonse. "Ndimangoti ndi ukalamba wa galimoto," adatero.

Ambirife timaganiza chomwecho. Koma madzi oziziritsa injini amazungulira m'njira yotsekeka: pampu imawakankha kudutsa mu injini, amatenga kutentha, amakazizira mu rediyeta, kenaka amabwerera. Galimoto yabwinobwino imatha miyezi osafuna kuwonjezera. Ngati yanu ikumwa madzi sabata iliyonse, ndiye kuti akutuluka penapake, ndipo malo amenewo ayenera kupezeka ulendo wautali usanafike.

Injini ikatentha panjira

Zimitsani eyakoni, yatsani hita mpaka pamapeto ndipo tsegulani mawindo. Hita imatenga kutentha kwake kuchokera m'madzi a injini, choncho imathandiza pamene mukufunafuna poima. Mukapeza malo abwino imani, zimitsani injini, ikani zizindikiro zochenjeza pamsewu. Magalimoto ena aang'ono, monga Vitz, alibe muvi koma kagetsi: kabuluu injini ikakhala yozizira, kofiira ikatentha kwambiri. Kofiirako kakayaka musanene kuti tikaimira kutsogolo.

Chivindikiro chisiyeni. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100, ndipo kumalo okwera ngati Blantyre amawira asanafike pamenepo. Chivindikiro cha rediyeta chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Mukachitsegula injini ili yotentha, mphamvu yopanikiza ija imachoka ndipo madziwo amawira onse nthawi imodzi n'kuthovokera kumaso ndi m'manja. Dikirani mphindi zosachepera 30, mpaka muzitha kugwira ndi kufinya paipi yaikulu yapamwamba. Kenaka phimbani chivindikirocho ndi nsalu yochindikala, chipotozeni pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, nkhope mutayang'anitsa kumbali. Musathire madzi ozizira mu injini yotentha, chifukwa chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka.

Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pamalopo kwa mphindi 20. Vulani wotchi ndi mphete pasanatupe. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi, ndipo musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera yopanda ubweya. Ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena lili kumaso, m'manja kapena polumikizira mafupa, pitani naye kuchipatala.

Kufufuza podontha

Ntchito imeneyi imachitika m'mawa injini ili yozizira. Madzulo yalani katoni pansi pa injini. Kukacha onani pamene padonthera ndi mtundu wake. Madzi a mankhwala otchedwa coolant amakhala obiriwira, ofiira kapena apinki, amaterera m'zala ndipo amanunkhira motsekemera. Madzi oyera odontha mutayenda ndi eyakoni asakudetseni nkhawa, ndi mame a eyakoniyo.

Tsegulani boneti ndi tochi m'manja. Podontha pang'onopang'ono sipanyowa nthawi zonse, chifukwa madzi amauma ndi kutentha, koma pamatsala zoyera kapena zapinki zokhala ngati mchere. Yambani ndi mapaipi a labala, makamaka kumapeto kumene amangidwa ndi zomangira zachitsulo. Paipi yabwino imakhala yolimba koma yofinyika. Yofewa kwambiri, yotupa, kapena yong'aluka yatha ntchito. Kenaka onani rediyeta. Ambiri a masiku ano ali ndi mbali za pulasitiki zolumikizidwa ku aluminiyamu, ndipo amakonda kudontha pamsoko umenewu kapena pakhosi pomwe pamalowa paipi. Onaninso labala wa pansi pa chivindikiro. Akauma kapena kung'ambika, madzi amawira msanga n'kumatayika kudzera m'kabotolo kosungira madzi. Chivindikiro ndi chotsika mtengo, koma gulani chokhala ndi nambala yofanana ndi ya chakalecho, monga 0.9 kapena 1.1.

Pampu ya madzi ili ndi kabowo kakang'ono kunsi kwake. Madzi akamatuluka pamenepo, kapena pampuyo ikamalira, ikufunika kusintha. Lowaninso m'galimoto mugwire kapeti yakutsogolo. Ikakhala yonyowa, ndipo galasi likamachita nkhungu ya fungo lotsekemera, ndiye kuti karediyeta ka hita kaboola.

Mukalephera kupeza, pemphani amakaniki ayike pampu yoyezera pakamwa pa rediyeta. Amapopa mpweya injini ili yozizira, ndipo pamene pakudontha pamaonekera pasanathe mphindi zingapo.

Pali kudontha kwina kosaoneka kunja. Gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake ikapsa, madzi amalowa m'kati. Zizindikiro zake ndi utsi woyera wosalekeza ku ekizozi ngakhale injini itatentha, oilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndi thovu losatha mu rediyeta. Mukaona zimenezi galimoto isayendenso. Imeneyi ndi ntchito ya kugalaja, ndipo kawirikawiri chiyambi chake ndi kapaipi kamene kadanyalanyazidwa.

Kusintha paipi pakhomo

Pa Corolla ija vuto linali paipi yapansi, imene idang'aluka pafupi ndi chomangira. Ntchito yotere munthu wodekha angathe kuichita yekha. Injini ikhale yozizira. Ikani beseni pansi, tsegulani kampopi ka kunsi kwa rediyeta kuti madzi atsikire m'besenimo. Masulani zomangira, potozani paipi pang'onopang'ono mpaka ichoke. Musaikoke mwamphamvu, mungathyole khosi la pulasitiki. Palani dzimbiri pomwe imalowa, lowetsani yatsopano mpaka kumapeto, ndipo ikani zomangira zatsopano.

Tsekani kampopi, thirani coolant pang'onopang'ono. Wina amabwera wosakaniza kale, wina amafuna kusakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, choncho werengani pachigubu. Ikani hita potentha, lizani injini chivindikiro chili chotsegula, ndipo muziwonjezera madzi akamatsika mpaka thovu litasiya kutuluka ndi paipi yapamwamba itafunda. Mpweya wotsalira m'kati umatenthetsa injini ngakhale podontha patakonzedwa. Samalani zala ndi zovala, chifukwa fani yamagetsi imayamba yokha mosachenjeza. Tsekani chivindikiro, dzazani kabotolo kosungira madzi pakati pa mizere iwiri ija, ndipo mawa lake onaninso.

Pali njira zachidule zimene timazimva m'misewu. Ena amathira dzira kapena ufa wa tsabola mu rediyeta kuti atseke bowo. Zimenezi zimatsekanso timipata topyapyala todutsa madzi. Ena amachotsa thermostat, kachipangizo kamene kamatsegula njira ya madzi injini ikafunda. Ikawonongeka isintheni, chifukwa popanda iyo injini imachedwa kufunda ndipo imadya mafuta ambiri. Madzi a pamjigo angakufikitseni kunyumba pa tsiku la vuto, koma mukawasiyamo amabweretsa dzimbiri ndi zokakamira ngati za m'ketulo.

Poizoni wooneka ngati chakumwa

Coolant wambiri ali ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol. Ndi otsekemera ndipo mtundu wake umafanana ndi zakumwa zosungunula zimene ana amakonda. Mwana akamwa ngakhale pang'ono amayamba kuoneka ngati woledzera ndi kusanza, ndipo patatha tsiku limodzi kapena atatu impso zimatha kusiya kugwira ntchito. Agalu ndi amphaka amafa nawo akanyambita wotayikira pansi.

Choncho musasunge coolant m'botolo la zakumwa. Akhale m'chigubu chake, pamalo okwera kapena okhoma. Beseni lija lisabwererenso kukhitchini. Wotayika pansi mukwirireni ndi mchenga n'kuwola, ndipo wakale mupite naye kugalaja, osamutaya pafupi ndi chitsime kapena m'dimba. Mukakayikira kuti mwana wamwa, musamusanzitse ndipo musadikire zizindikiro. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga chigubucho kuti adokotala aone chimene wamwa.

Mnyamata uja adachira, koma adatha masabata atatu akumangitsa bala ndipo chipsera chilipobe. Galimoto idapulumuka chifukwa tidaima msanga. Paipi ndi zomangira ziwiri zidakwana, ndipo mtengo wake sudafike pa ndalama zimene tidalipira galimoto yodzatikoka.

Tiyeni tizolowere Lamlungu lililonse m'mawa, injini isanalire, kutsegula boneti ndi kuona mzere wa madzi m'kabotolo kaja. Ikani chizindikiro ndi cholembera kuti sabata yotsatira mudzadziwe ngati atsika. Aitaneni amayi ndi ana okulirapo aonere limodzi, ndipo muwasonyeze chivindikiro chimene sichitsegulidwa injini ili yotentha.