Ntchito za mthandizi ku Sharpevale: mayeso enieni adza ndi mvula

Kuyambira mwezi wa Sepitembala mpaka mvula yoyamba itagwa, pa Sharpevale m'boma la Ntcheu sipasowa zochitika. Ino ndiyo miyezi ya maukwati, ziliza ndi zinamwali, ya mipikisano ya mpira, yowotcha njerwa ndi kufolera nyumba. Angoni a kwa Maseko amakhala akubwerera kuchokera ku Nkolimbo, kumene mwambo wa Umhlangano umachitikira pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, kawirikawiri kumayambiriro kwa Sepitembala. Alimi nawo amakhala akusosa m'minda, khutu lili ku nkhani ya fetereza wotsika mtengo.

Miyezi yomweyi ndiyo mpata wokhawo wogwira ntchito zachitukuko zofuna khasu, fosholo ndi wilibala. Mvula ikangoyamba, aliyense amathamangira kumunda kwake, ndipo dothi la makande la m'chigwa cha Bwanje limasanduka phala moti galimoto yonyamula simenti siingadutse. Chimene sichidakonzedwe pofika Disembala chimadikira chaka chamawa, ndipo chikamadikira chimanka chionongekerabe.

N'chifukwa chake muyeso wa ntchitozi suyenera kuthera pa chiwerengero cha anthu amene alembedwa kapena ndalama zimene zalipidwa. Funso lalikulu n'lakuti: mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikadutsa, n'chiyani chidzakhale chikadali chilili?

Kumunsi kwa mapiri

Sharpevale ndi malo a malonda apamsewu wa M5, wochokera ku Balaka kupita ku Salima. Njanji imene idafika ku Salima m'chaka cha 1935 idadutsanso pomwepa. Dzinali lidachokera kwa Alfred Sharpe, yemwe adatsogolera boma la atsamunda kuyambira 1896 ndipo adakhala bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland kuchokera 1907 mpaka 1910.

Chofunika kwambiri pa malowa ndi momwe adakhalira. Ali m'chigwa chotentha, kumunsi kwa mapiri a Ntcheu, ndipo madzi a mvula yogwa kumtunda amatsikira kuno paulendo wawo wa ku nyanja ya Malawi. Mapiri akakhala ndi mitengo ndi udzu, madziwo amatsika pang'onopang'ono, ambiri n'kulowa pansi. Akakhala mbee, madzi amatsika mwaukali atasenza mchenga, kukumba zigwembe m'minda ya chimanga, thonje ndi mtedza, kutseka makalavati ndi kudula misewu ya m'midzi.

Wokhala mu Lilongwe kapena mu Blantyre asaone ngati nkhaniyi njakutali. Makala amene amaphikira nsima m'mizinda amachokera m'mapiri onga awa. Ndalama zimene amalipira pa mafuta a galimoto komanso pa zipata monga cha pa Chingeni, chomwe chidatsegulidwa m'boma lomweli mu Novembala 2021, zina zimathera kukonza misewu yoonongedwa ndi madzi amene akadatha kugwidwa kumtunda. Ndipo munda wa mayi ukakokoloka kumudzi, lamya yopempha thandizo imalira m'tauni.

Mthandizi udasintha nkhope

Ntchito zolipidwa za m'midzi, zimene anthu amazitcha mthandizi, zidadziwika kwambiri ndi MASAF, thumba limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1995 ndi thandizo la World Bank. Kwa zaka zambiri mthandizi unkatanthauza kulambula misewu ya dothi. Anthu ankalandira ndalama, msewu unkaoneka bwino kwa miyezi iwiri kapena itatu, mvula n'kuukokolola, chaka chotsatira n'kuyambiranso pomwepo.

Ndondomeko ya masiku ano, ya Mbwezera Chilengedwe, idapangidwa pofuna kuthana ndi vuto limeneli. Imayendetsedwa ndi makhonsolo pansi pa bungwe la National Local Government Finance Committee, ndipo ntchito imagawidwa potsata kumene madzi amachokera ndi kumene amapita. Anthu amakumba ngalande zokololera madzi, kuika akalozera, kubzala udzu wa vetiva, kutchinga zigwembe ndi miyala, kukonza nazale za mitengo ndi kusamalira mphukira za mitengo yachilengedwe. Kwa dera longa Sharpevale, awa ndi mankhwala olunjika pa gwero la nthenda.

Komabe nzeru yabwino papepala imakumana ndi zopinga ziwiri pamudzi. Choyamba ndi mphamvu ya ndalama. Malipiro a masiku 24 adali K28,800, kenaka adakwera kufika K38,400 ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma kumayambiriro kwa 2025, pambuyo pa ng'amba imene idachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pangozi mu Malichi 2024, thumba la chimanga la makilogalamu 50 lidafika K100,000 m'misika ina. Malipiro otere sakadagula ngakhale theka la thumba.

Chachiwiri ndi nthawi. M'maboma angapo anthu akhala akudandaula kuti malipiro amachedwa. Kwa wogwira ntchito m'tauni, kuchedwa kwa malipiro n'kusautsa. Kwa mlimi n'kutaya chaka. Ndalama yolandiridwa mu Okutobala imagula mbewu ndi fetereza. Yomweyo ikafika mu Januwale imangogula ufa wa masiku ochepa, mwini wake atasiya kale munda wake n'kupita kukapalira wa mnzake pa ganyu. Ndipo ngati gawo la ntchito lagwera mu Disembala, mthandizi umayamba kulimbirana manja ndi kubzala ndi kupalira.

Phunziro la 1953

Anthu a ku Ntcheu sakumva koyamba za mizere yoteteza nthaka. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidakakamiza alimi kupanga mizere yopingasa ndi milambala. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena ankatsekeredwa m'ndende. Malamulowa, omwe anthu ankangowatchula kuti malimidwe, adadedwa kwambiri. Pamene Inkosi Philip Gomani II idafuna kuonetsa kukana kwake chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'chaka cha 1953, idauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a zaulimi ndi zankhalango. Atsamunda adaichotsa pampando, ndipo idamwalira m'chaka cha 1954.

Mizere ija payokha siinali yoipa: alangizi a lero amaphunzitsa zofanana nayo. Chidalakwika n'chakuti idabwera ngati lamulo la mwini mphamvu, ndipo wolima mundawo sadafunsidwe. Mantha atatha, milambala yambiri idasiyidwa.

Lero m'malo mwa chindapusa muli malipiro, ndipo kumeneko n'kusiyana kwakukulu. Koma ngozi ina idakalipo. Ngati munthu akumba ngalande chifukwa cha ndalama yokha, ngalandeyo amaiona ngati ya boma. Ikadzaza mchenga amadikira gawo lina la mthandizi kuti akaikumbenso. Mitengo yobzalidwa m'nyengo yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, imadyedwa ndi mbuzi zikamasulidwa pambuyo pa zokolola, ndipo yotsala imapsa ndi moto wa osaka mbewa mu Sepitembala ndi Okutobala. Mtengo suwerengedwa tsiku loubzala. Umawerengedwa ukapyola chilimwe choyamba.

Apa ndi pamene zochitika za miyezi ino zimakumanirana ndi chitukuko. Mudzi umene umatha kusonkhanitsa ufa, nkhuni ndi mbuzi za pachiliza, kapena kuumba njerwa zikwizikwi za tchalitchi popanda wolipidwa, suli wosowa dongosolo. Anthu amagwira ntchito zimenezi ndi mtima wonse chifukwa adazisankha okha, amadziwa wosunga ndalama, ndipo wozemba amachita manyazi pamaso pa anzake. Mthandizi umasowa zinthu zitatu zomwezi pamene mndandanda wa olembedwa sudziwika momwe udapangidwira, ndipo malo ogwirapo ntchito asankhidwa ndi anthu ochepa.

Ndalama zikubwera, maso ali kuti?

Khasu lili ndi malire ake. Mlatho, kalavati ndi chipinda cha sukulu zimafuna simenti, zitsulo ndi mmisiri, ndipo izi zimadalira thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, komanso ndalama zina za khonsolo. Thumba la CDF, limene lidayamba mu 2006, lidakwera kuchoka pa K100 miliyoni kufika K200 miliyoni pa dera lililonse, ndipo pokopa anthu pachisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, chipani cha DPP chidalonjeza kulikweza kufika K5 biliyoni. Mu Meyi 2025, bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo sayenera kuyendetsa nawo thumbali.

Mkangano wa yemwe agwire chikwama wadzaza manyuzipepala, koma kwa wokhala ku Sharpevale nkhani yaikulu ndi ina: kodi ntchito ya simenti ndi ntchito ya khasu zikuyendera limodzi? Kalavati womangidwa pansi pa phiri lopanda mitengo amatsekeka ndi mchenga mvula yoyamba. Chigwembe chotchingidwa kumunsi pamene kumtunda sikudakhudzidwe chimangotsegula njira ina pambali. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zidapereka njira yolumikizira zonsezi: mapulani achokere ku makomiti a chitukuko a m'midzi, a VDC, adzere ku ADC, n'kukafika ku khonsolo. Makomitiwa akangosanduka osayinira zimene ena agamula kale, ndalama zikhoza kuchuluka koma zigwembe n'kumakulabe.

Zotheka mvula isanagwe

Zambiri zofunika sizilira ndalama zatsopano. Khonsolo ya Ntcheu ikhoza kukonza kuti ntchito yokumba ithe nthawi yobzala isanafike, ndipo malipiro afike mlimi akadali ndi mpata wogula zipangizo zaulimi. Maina a olembedwa ntchito, mtengo wa chitukuko chilichonse ndi dzina la kontilakitala zikhoza kumatidwa pamsika ndi pasukulu, pamene aliyense angawerenge. Mafumu ali ndi mphamvu yoika malamulo a m'mudzi okhudza moto wolusa ndi ziweto, ndipo malamulowo amagwira ntchito akagwirizanidwa pabwalo, anthu onse akumva. Chigwembe chilichonse chotchingidwa ndi nazale iliyonse zikhale ndi eni ake odziwika, makamaka amene minda yawo ikutetezedwa nazo.

Pomaliza, kuyendera ntchito kusamathere pa tsiku lopereka malipiro. Akuluakulu a khonsolo, makhansala ndi atolankhani adzabwerere ku Sharpevale mu Malichi, madzi atachita zofuna zawo, adzaone ngalande zimene zagwira madzi, makalavati amene akadali otseguka ndi mitengo imene yaphuka. Lipoti lolembedwa tsiku limenelo ndilo lingauze wokhoma msonkho ngati mthandizi ukumanga dera, kapena ukungolipira anthu omwewo kukumba dzenje lomwelo chaka ndi chaka.