Timikanda ta m'tayala si mankhwala a njinga ya kabaza

Anzanga amene mwatopa kudikira ntchito n'kugula njinga yamoto ya kabaza, mwina mwaona otsatsa pa intaneti akutamanda timikanda tothira m'tayala, monga Dyna Beads ndi Counteract. Akuti tayala likamazungulira, timikandato timathamangira mbali yopepuka, njinga n'kuleka kunjenjemera.

Pali choona pang'ono. Liwiro likakwera timamwazikanadi m'kati mwa tayala, choncho njinga yaikulu yothamanga pa M1 tingaithandize. Koma Boxer kapena Lifan yonyamula anthu ku Ndirande imakhalira kuzemba maenje ndi mabampu. Pa liwiro lotero timikanda timangogubuduka pansi, ndipo kusalingana kulemera kwa tayala sikumveka n'komwe. Mpweya wachinyezi wa makompresa a m'mbali mwa msewu ungatimatenso n'kukhala chibuma.

Njinga zoterezi zikamanjenjemera, kawirikawiri vuto ndi limu yopindika, masipoko omasuka kapena mabering'i otha. Mkanda suwongola limu. Choopsa n'kudzinamiza kuti mwakonza, bering'i ikudikira kusweka mutanyamula mwana wa eni. Ndalamayo kapatseni makaniko, aone gudumu lonse, amange masipoko.