Sitima za Alendo M'nyengo ya Namondwe: Kodi Amalamula Ndani?

Chaka chilichonse, kuyambira pa 1 Juni kufikira pa 30 Novembala, nyanja ya Atlantic imakhala m'nyengo ya anamondwe. Komabe sitima zikuluzikulu zonyamula alendo okasangalala ku zilumba za Caribbean sizileka kunyamuka ku madoko a dziko la America monga Miami, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mitengo ya maulendowa imatsika kuti anthu akopeke. Tsono pamene tiona zithunzi za mbale zikusweka, mipando ikuyenda yokha ndi madzi akulowa m'zipinda, tiyenera kufunsa: kodi n'chifukwa chiyani sitima yodzaza ndi anthu ikapezeke pamalo otere?

Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma, koma namondwe wa masiku ano amayimba ng'oma masiku angapo asanafike. Iye amabadwira pa madzi ofunda, a madigiri 26 kapena kuposerapo, ndipo amayamba kutchedwa namondwe weniweni mphepo yake ikafika liwiro la makilomita 119 pa ola. Akatswiri a zanyengo a ku National Hurricane Center, mu mzinda wa Miami, amamulondola usana ndi usiku. Chofunika kumvetsa, makamaka kwa ophunzira za maonekedwe a dziko, n'chakuti ngakhale mphepo yake imazungulira mwaukali chotere, namondwe mwini wake kawirikawiri amasuntha pang'onopang'ono, mwina makilomita 20 pa ola, pamene sitima yamakono imatha kuyenda makilomita 40 pa ola. Kotero sitima ingathe kumuthawa. Ichi ndicho chifukwa chake makampani amakonda kusintha njira m'malo mothetsa ulendo, ndiponso chifukwa chake sitima sizibisala padoko, pakuti pamenepo mafunde angaziombetse ku khoma la doko. Mpaka apa maganizo a makampaniwa ndi omveka, ndipo kunena zoona maulendo ambiri amatha bwino.

Vuto limayamba pamene kuthawako kwachedwa, kapena pamene namondwe wakana kutsata njira imene akatswiri adamulosera.

Mu Okutobala 1998 sitima ya matanga yotchedwa Fantome, ya kampani ya Windjammer Barefoot Cruises, idatsitsa alendo ake onse ku Belize City pomva kuti namondwe wa Mitch akubwera. Alendowo adapulumuka. Koma sitimayo idabwereranso panyanja ndi antchito 31 kuti ikabisale pafupi ndi chilumba cha Roatán, ku Honduras, poganiza kuti namondweyo alowera kwina. Mitch adakhotera kumwera, komwe kudali sitimayo, ndipo pa 27 Okutobala Fantome idasowa pamodzi ndi anthu onsewo. Ambiri a iwo adali amuna ochokera ku mayiko osauka a m'chigawocho monga Guyana. Nkhani imeneyi imandivutitsa maganizo kuposa zina zonse. Olipira ndalama adaikidwa pamtunda. Olandira malipiro adapita kukapulumutsa chuma cha kampani, pa sitima yakale imene idalibe liwiro lothawira. Palibe amene adafuna kuti afe, n'zoona, koma ngati padali kusankha pakati pa kutaya sitima ndi kuika moyo wa anthu pachiswe, wina adasankha.

Chimodzimodzinso ndi El Faro. Iyi sidali ya alendo koma ya katundu, ndipo idamira pa 1 Okutobala 2015 pafupi ndi zilumba za Bahamas, pa ulendo wochokera ku Jacksonville kupita ku Puerto Rico, itakumana ndi namondwe wa Joaquin. Anthu onse 33 adafa. Ofufuza a boma la America adapeza kuti kaputeni wake adadalira malipoti a zanyengo amene adali atatha kale ntchito ndi maola angapo, ndipo sadalabadire omuthandiza ake pamene adamupempha usiku kuti asinthe njira.

Patangopita miyezi inayi, mu Febuluwale 2016, sitima yatsopano ya Anthem of the Seas, ya kampani ya Royal Caribbean, idanyamuka ku Bayonne, New Jersey, ndi alendo pafupifupi 4,500 ndi antchito 1,600. Pafupi ndi Cape Hatteras idalowa mu mkuntho wa m'nyengo yozizira umene mphepo yake idaposa makilomita 160 pa ola. Kaputeni adalamula alendo kuti asatuluke m'zipinda zawo, ndipo sitimayo idabwerera kudoko ulendo usadathe. Ovulala adali ochepa. Kampaniyo idati mkunthowo udakula kuposa momwe udaloseredwera, pamene akatswiri ena a zanyengo adati chenjezo lidaperekedwa masiku angapo m'mbuyo mwake. Chaka chotsatira kampaniyo idalemba ntchito katswiri wake wa zanyengo, chinthu chimene mwa icho chokha chikusonyeza kuti padali pobowoka.

Ena amati sitima za lero n'zazikulu kwambiri kotero kuti mafunde sangazigwetse. Kukula kumathandiza, koma sitima imakhala yotetezeka pokhapokha injini zake zikugwira ntchito, kuti ithe kuloza mutu wake ku mafunde. Pa 23 Malichi 2019 Viking Sky, itanyamula anthu 1,373, idazima injini mu mkuntho pa Hustadvika, ku Norway. Mafuta ofewetsa injini adali ochepa m'matanki, ndipo pamene sitima idayamba kupendekera uku ndi uko mapampu adayamba kukoka mpweya m'malo mwa mafuta. Idatsala pang'ono kugunda miyala. Mahelikopita adanyamula anthu oposa 470, mmodzimmodzi, kwa usiku wonse. Mtunda udali pafupi. Pakati pa nyanja ya Atlantic chithandizo chotere sichikadafika.

Ife kuno sitiri alendo ku nkhani zotere. Vipya idamira pa nyanja yathu pa 30 Julayi 1946 chifukwa cha mphepo yamkuntho, n'kupha anthu 145, ndipo mafunso amene adafunsidwa nthawi imeneyo okhudza chiganizo chopitiriza ulendo ndi omwewa.

Lamulo lilipo. Pangano la mayiko loteteza moyo panyanja, lotchedwa SOLAS, limene lidayambika mu 1914 Titanic itamira ndipo lidalembedwanso mu 1974, limaletsa mwini sitima kutsekereza kaputeni pa chiganizo chilichonse chofunika poteteza miyoyo. Papepala, tsono, kaputeni ndiye mfumu. Koma kaputeniyo ndi wantchito, ndipo amadziwa kuti kuchedwa tsiku limodzi kumatanthauza kubweza ndalama kwa alendo zikwi zingapo, pamene zikwi zina zikudikira padoko ndi zikwama zawo. Mwini sitima safunika kulamula chilichonse. Ndondomeko ya maulendo imalamula m'malo mwake. Ine ndikuona kuti ofufuza ngozi zotere asamalekeze pa kufunsa zimene kaputeni adachita usiku wa ngoziyo. Azifunsanso makampani kuti ndi akaputeni angati amene adakanapo kunyamuka chifukwa cha nyengo, ndipo n'chiyani chidachitikira ntchito yawo pambuyo pake.