Khoti la masewera lisamagamule lokha

Wothamanga aliyense wofuna kupikisana nawo pa Olympics amasaina kuti pakabuka mkangano sadzapita kukhoti la boma. Nkhani yake idzaweruzidwa ndi CAS, khoti la masewera lomwe lidakhazikitsidwa mu 1984 ku Lausanne, m'dziko la Switzerland. Akakana kusaina, ndiye kuti kuthamanga kwathera pomwepo. Kodi munthu wosaina chonchi tinganene kuti wavomera?

Ubwino wa CAS ulipo. Nthawi ya Olympics imagamula mlandu m'maola 24, mpikisano usanadutse. Imathandizanso kuti lamulo likhale limodzi, dziko lililonse lisamakondere mwana wake.

Koma taonani zomwe zidamuchitikira Caster Semenya wa ku South Africa, mwini mendulo ziwiri zagolide za Olympics pa mtunda wa mamita 800. Bungwe loyendetsa mipikisano yothamanga padziko lonse lidalamula kuti akazi obadwa ngati iye, okhala ndi testosterone wambiri m'thupi, azimwa mankhwala omutsitsa asanapikisane. Semenya adakana. Mu 2019 CAS idavomera kuti lamulolo n'latsankho, koma idati tsankholo n'lofunika kuti mpikisano wa akazi uyende mwachilungamo.

Apilo ya chigamulo cha CAS imapita kukhoti lalikulu la Switzerland, lomwe limaloledwa kuchisintha pa zifukwa zochepa zedi. Mu 2020 khotilo lidam'bweza chimanjamanja. Mpaka mu Julaye 2025 m'pamene khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg, lidagamula komaliza kuti majaji a ku Switzerland sadaunike dandaulo lake mozama monga zimafunikira, makamaka poti iye sadasankhe yekha kupita ku CAS. Chigamulochi sichidachotse lamulo la mankhwala lija, ndipo apa n'kuti ali ndi zaka 34. Akuluakulu amati mlandu suola, koma miyendo ya wothamanga sidikira.

Ine ndikuti nkhani za zigoli, makontirakiti ndi zilango za m'bwalo zizithera ku CAS, palibe vuto. Koma nkhani ikakhudza thupi la munthu, ulemu wake ndi ntchito yomwe amadyera, khoti la boma likhale ndi mphamvu zoiunika yonse, ndipo mwachangu. Mabungwe a masewera ndiwo amalemba malamulo ndi kusankha kokaweruzidwira. Wothamanga amangopatsidwa cholembera.